Loweruka ana athu akasewere kuti?

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga pa tsamba lanu. Ndikudziwa kuti makalata ambiri amene mukulandira masiku ano ndi a kukwera mtengo kwa chimanga, mizere ya mafuta a galimoto ndi kusowa kwa mankhwala, ndipo ena akawerenga yangayi anena kuti mayiyu wasowa chodandaula. Komabe ndilemba, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ndimasoka zovala pa shopu ina ku Old Town kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndimachoka pakhomo ana akusamba, ndimabwera kutada. Bambo awo amayendetsa thiraki, milungu ina amathera panjira ya ku Beira kapena ya ku Dar es Salaam. Ndiye masiku amene ndimaona ana anga dzuwa likuwala ndi awiri okha, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo zimene ndikuona pa masiku awiriwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Loweruka langa limayamba m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi imene madzi amatuluka mwamphamvu pampopi. Ndimadzaza ndowa zonse ndi mgolo, n'kuviika mayunifolomu. Kukamayera, wachisamba wanga, mnyamata wa zaka 14, amakweza thumba la chimanga panjinga kukagwira mzere kuchigayo magetsi asanazime. Ine ndikayanika zochapa ndimatsikira kumsika wa Nsungwi kukagula tomato, anyezi, mulu umodzi kapena iwiri ya bonya, mafuta ophikira oyezera m'kabotolo ndi makala. Mayunitsi a magetsi ndimagula pafoni ndili chiimire pamsika pomwepo. Izi ndi za mayi aliyense m'malokeshoni muno. Ndazitchula kuti muone kuti ikamakwana 10 koloko ntchito za pakhomo zimakhala zitatha, ana amwa phala, atsuka mbale, asesa pabwalo, ndipo tsiku lonse likadalipo. Pamenepa mpamene amandiyang'ana kuti ndiwauze kopita.

Mpaka mwezi wa Meyi chaka chino, funso limeneli kunalibe. Kuseri kwa nyumba zathu, chakufupi ndi dambo, kunali bwalo la mpira. Linali la dothi lofiira, mbali ina yotsetsereka, moti mpira ukaugonetsa unkagubuduka wokha kulowera kumunsi. Magolo anali a mitengo ya bulugama, ndipo chiswe chikadya anyamata ankasonkherana n'kudzika ina. Chakumbali kunali mizati iwiri ya ntchemberembaye, mikombero yake anatipangira ulere bambo wina wowotcherera zitsulo pamsewu wathu. M'mawa linkadzaza ndi tiana ta chikulunga, ena akusewera fulaye ndi phada m'mphepete. Masana kunkabwera atsikana, ndipo dzuwa likapendeka ankalowa anyamata akuluakulu a matimu a m'dera lino, amene nthawi zina ankalimbirana mbuzi pa bonanza. Amayi anzanga ankapezerapo ya ndiwo pogulitsa mafilizesi, zitumbuwa, nzimbe ndi thobwa. Ndinkatha kuvundula nsima kukhitchini ndikumva phokoso lawo, ndipo phokoso limenelo ndi limene linkandiika mtima m'malo. Likakhalapo, ndinkadziwa kumene ana anga ali.

Wachiwiri wanga ndi mtsikana wa zaka 11. Mpira wamiyendo unamulowa mu 2023, pamene ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1 pa ndime yomaliza ku South Africa. Kuyambira pamenepo dzina la Temwa Chawinga silichoka pakamwa pake. Adzakuuzani kuti Temwa ndi mkulu wake Tabitha kwawo ndi ku Rumphi, kuti Tabitha anapita kukasewera ku France, kuti mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse chaka chimenecho. Poyamba ndinkamukaniza. Ndinakula ndikumva kuti mpira wamiyendo ngwa anyamata, ndipo ndinkaopa kuti athyoka. Tsiku lina pochokera kumsika ndinaima m'mbali mwa bwalo dengu lili pamutu. Ndinamuona atapinda diresi n'kulimanga m'chiuno, wopanda nsapato, akudutsa anyamata awiri omuposa msinkhu, mpira ukumvera phazi lake ngati waumangirira. Atagoletsa sanakuwe, anangocheuka kuona ngati ndaona. Ndinabwerera kunyumba nditasintha maganizo.

Ndiye ndinayamba kupatula kangachepe pa ndalama za maoda a madiresi a ukwati, mpaka Loweruka lina mu Meyi ndinamutenga kupita naye ku Tsoka, kumsika wa kaunjika m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Tinavundukula milu ya nsapato kwa nthawi yaitali. Tinapeza yakumanja, yakumanzere osaoneka, mpaka mnyamata wogulitsa anakaisolola pansi pa mulu wa mnzake. Zinali zakuda, mizere yoyera itafufutika, timano ta pansi titadyeka pang'ono chakuchidendene. Ndinasankha zokulirapo kuti zimukhalitse, tinagwirizana kuti tizitsendera nsanza kutsogolo. Tinanenerera mtengo mpaka mnyamatayo anaseka n'kunena kuti, "Tengani amayi, koma mwanayu akadzatchuka adzatikumbuke." Mu minibasi anakana kuziika m'jumbo, anazifungata pamiyendo ulendo wonse. Tikudutsa pa msewu wa Kaunda, bwalo la Bingu litaonekera, anakanikiza mphuno pawindo n'kundiuza chapansipansi kuti, "Amayi, tsiku lina mudzandionera m'menemu."

Titafika pakhomo sanadikire nsima. Anathamangira kubwalo, koma sipanapite nthawi ndinamuona akubwera pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja. Anangoti, "Kukumangidwa." Ndinasiya poto pamoto n'kupita. Lole inali itakhuthula mchenga pakati penipeni pa bwalo. Panali zikhomo ndi zingwe, ndipo anyamata aganyu anali akukumba maziko pomwe pankaima goloboyi. Golo limodzi anali atalizula n'kuligoneka m'udzu. Nditafunsa anandiyankha mwaulemu kuti iwo angolembedwa ganyu, malowo ali ndi mwini wake. Tiana tinaima mozungulira, wina atapanira chikulunga m'khwapa, tikungoyang'ana. Lero pamalopo pali mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, ndi geti lachitsulo.

Sindikulemba kuti ndiloze munthu chala. Aliyense amafuna pogona, ndipo inenso ndimakhala nyumba ya lendi, ndimalota tsiku lodzakhala ndi puloti yanga. Lilongwe wakula. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mzindawu unali waung'ono, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, ndipo kuyambira pamenepo angowonjezekera. Akuluakulu amene anafika kuno kale amasimba kuti pakati pa nyumba pankasiyidwa mipata ya mitengo ndi ya masewera. Mipata imeneyo ndi imene ikutha mmodzimmodzi, madambo omwe akumangidwa. Chondipweteka n'chakuti bwalo likamapita palibe amene amafunsa ana, ndipo ife makolo timangoonerera, ena mwa ife n'kukafunsa ngati patsala kapuloti kena.

Taonani tsono kumene ana apita. Tiana tating'ono tasamukira pamsewu wafumbi wa kutsogolo kwa nyumba, magolo ake ndi miyala. Msewu umenewu ndi wa akabaza a njinga zamoto, amene amadutsa ngati mphepo pothamangira makasitomala. Mwezi watha mzime wanga wa zaka 6 anathamangira mpira, njinga yamoto n'kumupala mwendo ndi chopondera. Mulungu anatichitira chifundo, linali bala chabe, koma usiku umenewo ndinagona nditamugwira dzanja. Mpira ukagwera mumpanda wa munthu umabwerako utabooledwa, kapena osabwerako. Ndipo sindingawadzudzule kwambiri eni mipanda, magalasi a mawindo akwera mtengo.

Za mnyamata wanga wamkulu ndi zimene zimandiopsa koposa. Kale akabwera kuchigayo ankadya mothamanga kuti akapeze malo mu timu. Tsopano amasowa masana onse. Tsiku lina ndinamulondola, ndinakamupeza m'kachisakasa koonetsera mpira wa ku England, mumdima, muli anthu thithithi, fungo la mowa ndi fodya. Khomo loyandikana nalo ndi la kubetcha. Pochapa kabudula wake ndinapeza timapepala ta kubetcha titatu m'thumba, ndipo ndinazindikira kumene chenji cha kuchigayo chinkapita. Tinakhala pansi, ndinamulangiza, bambo ake atabwera anawonjezera awo. Anapepesa, ndipo ndi mwana womva. Koma anandifunsa funso limene linandigwetsa nkhope: "Nanga amayi, ndizikatani?" Mnyamata wa zaka 14 ali ndi mphamvu zofuna kotulukira. Akanakhala kumudzi akanapita kudimba kapena kubusa. M'tauni muno mukamulanda bwalo, mwamupereka kwa obetcha ndi ogulitsa fodya wamkulu.

Wina anena kuti, bwanji osapita nawo kokasangalala, malo alipo mumzinda muno. Alipodi, ndipo ndimayesetsa. Tinapitako ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, ana anaona anyani ndi ng'ona, mpaka lero amasimba. Tinakafikanso pa chiliza cha Kamuzu pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, ndi pa chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18. Tsiku la kuchiliza lija mzime wanga anavula masilipasi n'kuyamba kugubuduka pa kapinga, akuseka yekha, chifukwa anali asanaonepo udzu wofewa wochuluka chotero. Ndinaseka naye, koma mumtima ndinamva chisoni kuti mwana wobadwira mu likulu la dziko akudabwa kapinga.

Koma maulendo otere ndi a kamodzi pakanthawi. Tiwerengere limodzi, Akonzi. Ndife anthu anayi. Kuchoka ku Area 25 kukafika ku City Centre ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, ndipo kondakitala salola kuti wa zaka 11 akhale pamiyendo. Pakhomo polowera pamafuna ndalama, ana akamva fungo la chipisi cha pachiwaya sungawanamize kuti akadya kunyumba. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo umodzi wotere umadya ndalama ya ndiwo za mlungu wathunthu. Malo ena a makatungwe ndi zodumphira amene ali m'mashopu akuluakulu amalipiritsa mwana aliyense payekha, kwa mphindi zowerengeka. Ndinaimapo panja pa mpanda wa malo otere ndi ana anga, iwo akuonerera anzawo. Sindinabwererekonso. Bwalo lathu lija silinkafuna tikiti kapena minibasi, mwana ankapita yekha n'kubwera yekha, Loweruka lililonse.

Za kukaonera mpira waukulu nazo zili ndi mawu ake. Lilongwe ndi mzinda wa mpira. Tili ndi Silver Strikers, amene anatenga ligi ya TNM mu 2024, tili ndi Civo, Blue Eagles, Kamuzu Barracks, ndipo Maule kapena Manoma akabwera kuchokera ku Blantyre mzinda wonse umatekeseka. Bambo a kunyumba ndi a Silver, wachisamba wanga ndi wa Maule, moti masewero a matimu awiriwa akayandikira pakhomo pamakhala mkangano wokoma. Koma kwa zaka zambiri sindinkalola kuti mwana wanga aponde kubwalo lalikulu. Palibe kholo la mu Lilongwe limene linaiwala za pa 6 Julaye 2017, pamene anthu 8 anafa poponderezana pazipata za bwalo la Bingu pa tsiku lokumbukira ufulu wathu, 7 mwa iwo ali ana. Mabanja amenewo anatuluka m'nyumba m'mawa kukasangalala, monga mmene ine ndimafunira kuchitira ndi anga.

Chaka chatha ndinalimba mtima, tinapita tonse pa bwalo lina mumzinda muno bambo awo ali patchuthi. Tinalawirira kuti tilowe anthu asanachuluke. Osewera atatulukira, mtsikana wanga anaimirira osakhalanso pansi, milomo ikuyenda, akuwerenga mapasi. Chigawo choyamba chinali chokoma, ng'oma zikulira, mavuvuzela, ogulitsa mtedza akudutsa. Chigawo chachiwiri woyimbira atakana chigoli, zinthu zinatembenuka. Kumbuyo kwathu kunayamba kutukwana kotchula ziwalo za amayi, utsi wa chamba ukutikuta, kenaka mabotolo anayamba kuuluka, ena muli mkodzo. Ndinaphimba mzime wanga ndi chitenje, tinatuluka mpira usanathe. Panjira mtsikana uja anandifunsa tanthauzo la mawu ena amene anamva. Ndinangoti ndi mawu a anthu oledzera.

Ndikupempha a FAM ndi a SULOM, mabungwe oyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno, pamodzi ndi eni mabwalo, kuti aganizire zopatula mbali imodzi ya mabanja, yokhala ndi khomo lakelake, yosalowa mowa ndi fodya, ndipo ana aang'ono azilowa pa mtengo wotsika. Masewero akuluakulu asanayambe, bwanji osalowetsa matimu a ana a m'masukulu, atsikana ndi anyamata, kuti aponde kapinga ameneyo ngakhale kwa theka la ola? Makolo tingabwere ambiri, ndipo ndalama za pakhomo zingachuluke.

Sindikunyoza zomanga zikuluzikulu. Bwalo la Bingu, lotsegulidwa mu 2017, ndi ulemu wa dziko. Masewero a achinyamata a Region 5, a mayiko a kum'mwera kwa Africa, atachitikira kuno mu Disembala 2022 tinapindula ndi nyumba ya masewera yotchedwa dzina la malemu Griffin Saenda, mphunzitsi wa ma Queens uja. Koma amene adzasewere m'menemo achokera kuti? Gabadinho Mhango, amene anagoletsa chigoli chija chapatali pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, sanayambire pa kapinga wothirira. Mwawi Kumwenda, katswiri wa ntchemberembaye uja, sanayambire m'nyumba ya matailosi. Osewera athu amaphukira pafumbi, m'mabwalo a m'midzi ndi m'malokeshoni, ofanana ndi limene latsekeredwa mumpanda kwathu kuno. M'mera mpoyamba, ndipo ife tikuzula nazale kwinaku tikumanga nkhokwe.

Kwa a khonsolo ya mzinda, makhansala ndi aphungu athu, pempho langa ndi lakuti mabwalo amene atsala m'madera muno alembedwe, adziwike, aikidwe chikwangwani chonena kuti malo ano ndi a ana, sagulitsidwa. Pamene mukudula mapuloti atsopano kunja kwa mzinda, muyambe mwapatula bwalo nyumba zisanamere. Ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF zija, zimamanga milatho ndi midadada ya sukulu, ndipo n'zofunika. Koma kusalaza bwalo ndi kudzika magolo achitsulo sikungadye ndalama ya mlatho. Mafumu a m'tauni nawonso, amene timathamangirako pa maliro ndi pa milandu, ali ndi mawu pa nkhani za malo. Atithandize kukana.

Pafupi ndi kwathu pali sukulu ina ya pulayimale yokhala ndi bwalo labwino, koma Loweruka ndi Lamulungu geti limakhala lokhoma. Lamulungu lapitalo pochokera kutchalitchi ndinakumana ndi aphunzitsi aakulu a pasukulupo, ndinawafunsa chifukwa chake. Anandifotokozera modekha kuti kale ankatsegula, koma Lolemba ankapeza magalasi osweka, zitseko za zimbudzi zitazulidwa, m'makalasi anthu atachitamo chimbudzi. Ndinawamvetsa. Vutoli ndi lathu ife a m'dera, chifukwa owonongawo ndi ana athu ndi abale athu. Ndinawafunsa kuti, nanga makolo titadzipereka kumasinthana, anayi Loweruka lililonse, kutsegula 9 koloko, kutseka 5 koloko, kutola zinyalala ndi kulipira chilichonse chosweka, angalole? Anati nkhaniyo ipite ku komiti ya sukulu, ndipo makolowo abwere ndi mayina awo olembedwa.

Ndayamba kuyenda khomo ndi khomo madzulo ndikaweruka. Pofika dzulo ndinali ndi mayina 17, ambiri ndi amayi. Abambo ena akundiyankha kuti Loweruka amakhala otanganidwa, chonsecho ndimawaona pa bawo ndi pamowa kuyambira masana. Abambo inu, anyamatawa akufuna munthu wamwamuna woimba wezulo ndi wowaletsa ndewu, bwerani. Bambo wowotcherera uja walonjeza kale mikombero ina ya ntchemberembaye, ndipo mnyamata wina amene anasewerapo mu ligi ya m'chigawo chapakati wati aziphunzitsa atsikana ulere. Matchalitchi ndi mizikiti imene ili ndi malo aakulu ongokhala mkati mwa mlungu ndi Loweruka, nayonso iganizirepo. Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tikumana pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi geti la sukuluyo kuti tilembe kalata ya ku komiti.

Nsapato zija zili pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwa ana. Pamsewu mtsikana wanga sazivala, akuti miyala ingamalize timano. Amazitsitsa Lamulungu madzulo, n'kuzipukuta ndi kansanza konyowa, n'kuziyesa. Mu Meyi tinkatsenderamo nsanza ziwiri kutsogolo. Sabata yatha anachotsamo yomaliza, n'kundiitana kuti ndidzagwire chala chake chachikulu, chafika kale kumapeto.

Mayi wa ana atatu,
Area 25, Lilongwe